Sitima imene sinafike ku Nashville, ndi msonkho umene unafika

Tsiku loyamba limene ndinakagula zinthu ndekha m'golosale ya ku Nashville, ndinaphatikiza bwinobwino m'mutu mitengo yonse yolembedwa pa mashelefu, monga amachitira munthu wa ndalama zowerengeka, koma nditafika polipirira ndinapeza kuti ndalama imene ndinagwira m'manja yaperewera. Palibe amene anandibera. Ku America mtengo wolembedwa pa katundu si mtengo wotsiriza, chifukwa msonkho wa pa malonda, umene eni ake amautcha sales tax, amauwonjezera pomaliza penipeni, ndipo umakhala ndi mzere wakewake m'munsi mwa lisiti. Kwathu msonkho wa VAT umakhala utalowa kale mu mtengo wa pa shelefu, moti munthu akhoza kugula sopo zaka zambiri osaganizako kuti gawo lina la ndalamayo ndi la boma. Kuno munthu amauona msonkho ndi maso tsiku lililonse, pogula thewera la mwana, pogula mafuta ophikira, ngakhale pogula botolo la madzi. Ndayambira pamenepa chifukwa mkangano umene unagawa mzinda uno mu 2018, ngakhale unkatchedwa mkangano wa sitima, unathera pa mzere umenewu wa m'munsi mwa lisiti.

Nashville ndi likulu la chigawo cha Tennessee, mzinda umene anthu ambiri amaudziwa chifukwa cha nyimbo za country. Kuyambira mu 1963 mzindawu ndi dera lonse la Davidson County zili pansi pa ulamuliro umodzi, wokhala ndi mfumu ya mzinda imodzi ndi makhansala 40, ndipo kalembera wa 2020 anapeza anthu opitirira pang'ono 700,000 m'deralo, pamene tikaphatikizapo matauni ozungulira chiwerengerocho chimafika pafupifupi 2 miliyoni. M'zaka zimene ine ndinafika, aliyense ankabwereza mawu akuti tsiku lililonse m'derali mukuwonjezereka anthu pafupifupi 100, ndipo panalibe chifukwa chokayikira, popeza m'mawa ndi madzulo, pa misewu ikuluikulu ya I-24, I-40 ndi I-65 imene imakumana pakati pa mzinda, magalimoto ankayenda ngati akuperekeza maliro.

Ine ndinafikira ku Antioch, kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda, kumene kumakhala anthu ambiri obwera kuchokera kumayiko ena chifukwa lendi inali yopiririka, ndipo kwa zaka ziwiri ndinalibe galimoto. Amene sanakhaleko kuno sangamvetse msanga tanthauzo la mawu amenewa. Ku Blantyre kapena ku Lilongwe munthu wopanda galimoto ndi munthu wamba, amaima pa msewu n'kukweza dzanja, minibasi n'kuima, ndipo ngakhale apanikizidwe anayi pa mpando amafika ndithu. Kuno munthu wopanda galimoto amakhala ngati wamangidwa miyendo. Misewu yakale ya mzindawu, imene mayina ake ambiri amathera ndi mawu akuti Pike, inatambasuka kuchokera pakati ngati masipoko a njinga, ndipo mabasi ankatsata momwemo, moti kuti ndichoke ku Antioch kupita kuntchito kwanga kosamalira okalamba, kumene pa galimoto unali ulendo waufupi, ndinkayenera kulowa kaye mpaka pakati pa tauni, kudikira basi ina, n'kutulukanso. Kuchokera pa siteji kukafika pakhomo ndinkayenda pa udzu m'mphepete mwa msewu, magalimoto akundipemerera mphepo, chifukwa malo ambiri kunalibe kanjira ka oyenda pansi.

Choncho pamene mfumu ya mzinda Megan Barry, mayi woyamba kukhala pa mpando umenewu, inalengeza mu Okutobala 2017 ndondomeko yotchedwa Let's Move Nashville, ine ndinali m'gulu la amene anaimva ngati nkhani ya mvula yoyamba. Mtima wa ndondomekoyo unali sitima zamagetsi zing'onozing'ono zimene amazitcha light rail, zosiyana ndi sitima zapamtunda zimene timazidziwa zokoka mabogi a malasha, chifukwa izi njanji yake imayalidwa mu msewu wa mumzinda momwe, zimaima pafupipafupi ngati basi, koma zimanyamula anthu ambiri nthawi imodzi ndipo zili ndi njira yawoyawo. Amene anafikako ku Addis Ababa, kumene zoterezi zinayamba kuyenda mu 2015, akudziwa chimene ndikunena. Ndondomekoyo inalonjeza njanji zisanu zotalika makilomita opitirira 40 zonse pamodzi, zodzera pa Gallatin Pike, Murfreesboro Pike, Nolensville Pike, Charlotte Avenue ndi njira ya kumpoto chakumadzulo, komanso njira ya pansi pa nthaka ya makilomita pafupifupi 3 pakati pa tauni, pomwe misewu ndi yopapatiza. Njira yapansiyo yokha, yoboola mwala wa laimu umene mzindawu unakhalapo, inkayembekezeka kudya madola opitirira 900 miliyoni. Panalinso njira zinayi za mabasi othamanga. Sitima yoyamba inkayenera kuyamba kuyenda pa Gallatin Pike mu 2026, ndipo ntchito yonse kutha mu 2032.

Ndalama zake zinali zochokera ku misonkho inayi. Itatu inali yaing'ono, wa pa zipinda za m'mahotela, wa pa magalimoto obwereka ndi wa pa mabizinesi, koma mzati weniweni unali msonkho wa pa malonda. Panthawiyo wogula ku Nashville ankalipira 9.25 peresenti, pomwe 7 inkapita ku boma la Tennessee ndipo 2.25 inali ya dera lino. Ndondomekoyo inapempha kuti pawonjezereke theka la peresenti kuyambira mu Julaye 2018, kenako zifike pa peresenti yathunthu mu 2023, kutanthauza kuti pa katundu wa madola 100 munthu azilipira msonkho wa madola 10.25, umene ukanaika Nashville m'gulu la mizinda ikuluikulu ya msonkho wokwera kwambiri m'dziko lonse la America. Chakudya chimalipiridwa msonkho wocheperako ku boma la chigawo, 4 peresenti, koma gawo la mzinda limagwa pa chakudya chimodzimodzi, choncho mkate ndi mkaka nazonso zikanakwera.

Munthu angafunse chifukwa chimene anasankhira msonkho umenewu pamene aliyense akudziwa kuti umapweteka osauka. Yankho lake lili m'malamulo a Tennessee, osati m'mitima ya anthu a ku Nashville. Chigawochi sichidula msonkho pa malipiro a anthu ogwira ntchito, ndipo mu 2014 ovota anavomereza kuti chiletso chimenechi chilowe m'malamulo aakulu a chigawo, kotero kuti ngakhale mzinda utafuna kuti wolandira zambiri alipire zambiri, njira imeneyo ndi yotseka. Lamulo la IMPROVE Act, limene bwanamkubwa Bill Haslam anasayina mu 2017, ndilo linapatsa madera akuluakulu mphamvu yofunsa anthu awo kudzera pa riferendamu ngati akufuna kuwonjezera misonkho chifukwa cha mayendedwe, koma linatchula misonkho yowerengeka yokha imene ingakhudzidwe, ndipo pa yonseyo umene ukanatulutsa ndalama zokwanira kuyala njanji unali wa pa malonda wokha. Mzinda unapatsidwa khasu limodzi n'kuuzidwa kuti ulime nalo munda wonse.

Ochirikiza ndondomekoyo, amene pakati pawo panali bungwe la amalonda la mzinda, mayunivesite ndi makampani akuluakulu, anali ndi mfundo zimene mpaka lero ndimaziona kuti zinali zomveka. Ankati pafupifupi theka la msonkho wa pa malonda wa m'derali limalipiridwa ndi anthu osakhala muno, alendo odzaza mabala a mu msewu wa Broadway usiku uliwonse ndi ogwira ntchito ochokera m'matauni ozungulira, choncho mlendo athandize kumanga mzinda umene amausangalalira. Ankatinso boma lalikulu la ku Washington limathandiza mizinda imene ili ndi thumba lakelake lokhazikika la mayendedwe, ndipo Nashville inalibe. Ankaloza ku Charlotte, mzinda wa ku North Carolina umene anthu a kuno amakonda kudziyerekeza nawo, kumene ovota anavomereza theka la peresenti mu 1998, sitima yawo yoyamba n'kuyamba kuyenda mu Novembala 2007, ndipo mwezi womwewo, ngakhale ntchitoyo inadya ndalama zambiri kuposa zimene zinanenedwa poyamba, anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse anakana kuchotsa msonkhowo. Ine ndinkamva zonsezi n'kumagwedeza mutu movomera, ngakhale kuti voti ndinalibe, popeza ndinali ndisanakhale nzika. Msonkho wokha ndiwo sunkafunsa pasipoti.

Nkhondo yoyamba inali ya manambala. Ofesi ya mfumu ya mzinda inkanena kuti ntchitoyi ndi ya madola 5.4 biliyoni, kutanthauza mtengo wa zomangamanga powerengera mphamvu ya dola ya nthawi imeneyo. Otsutsa ankati nambala yoona ndi pafupifupi 9 biliyoni, imene inaphatikiza kukwera kwa mitengo, chiwongoladzanja cha ngongole ndi ndalama zoyendetsera sitima ndi mabasi kufika mu 2032. Manambala onse awiri anali oona, ndipo onse anali m'mabuku a mzinda womwewo, koma khonsolo itakambirana inagamula kuti onse alembedwe pa pepala loponyera voti. M'modzi mwa makhansala amene anaumirira zimenezi anali John Cooper, amene chaka chotsatira anadzakhala mfumu ya mzinda. Kwa munthu wamba, nkhani ya mitengo iwiri inamveka ngati ya wogulitsa amene wakuuza mtengo wina pakhomo, mtengo wina m'kati mwa sitolo, ndipo kukayikira kukangolowa motere sikutuluka ndi mafotokozedwe a akatswiri a zachuma.

Otsutsa anasonkhana pansi pa dzina lakuti NoTax4Tracks, kutanthauza kuti msonkho wa njanji ayi, dzina limene lokha linali kale uthenga wathunthu. Anathandizidwa ndi Lee Beaman, wamalonda wogulitsa magalimoto, amene zaka zingapo m'mbuyomo analimbananso ndi ntchito ya mabasi othamanga yotchedwa Amp, imene mfumu ya mzinda Karl Dean inaisiya mu 2015. Panalinso bungwe la Americans for Prosperity, logwirizana ndi abale awiri olemera Charles ndi David Koch, limene anthu ake anayenda khomo ndi khomo ndi kuimba mafoni ambirimbiri. Ankati njanji ndi luso lachikale, kuti posachedwa magalimoto odziyendetsa okha adzathetsa vuto lonse, ndiponso kuti sitima ikatenga mbali ya msewu magalimoto adzathithikana kuposa kale. Pakati pa zonsezi, kumapeto kwa Januwale 2018, Megan Barry anavomera poyera kuti anali pa chibwenzi ndi wapolisi amene ankamulondera, ndipo pa 6 Malichi anatula pansi udindo atavomera kukhoti mlandu wokhudza ndalama za mzinda. Ndondomeko imene inali ndi nkhope yake inatsala yamasiye milungu isanu ndi itatu voti isanachitike. David Briley, amene analowa m'malo, anainyamula mokhulupirika, koma mwana anali wa wina.

Pa 1 Meyi 2018 anthu pafupifupi 124,000 anaponya voti, ndipo 64 pa 100 alionse anati ayi. Madera ochepa okha oyandikana ndi pakati pa tauni ndiwo anavomera.

Kwa miyezi ingapo ndinali ndi mafotokozedwe ophweka a chimene chinachitika, omwenso nyuzipepala zina za kunja kwa Tennessee zinafalitsa, akuti ndalama za anthu olemera amene amapindula ndi petulo ndi magalimoto zinanamiza anthu osauka kuti akane chinthu chowathandiza. Sindikunena kuti ndalamazo sizinagwire ntchito, koma ochirikiza ndiwo anawononga ndalama zambiri pa kampeni kuposa otsutsa, ndipo kusiyana kwa mavoti kunali kwakukulu kwambiri moti sikungafotokozedwe ndi mafoni okha. Amene anandichotsa pa maganizo amenewa anali mayi wina wachikulire amene ndinkagwira naye ntchito usiku, wobadwira ku North Nashville, dera la anthu akuda, amene moyo wawo wonse anakwera basi, ndipo anavota kuti ayi. Nditawafunsa mwaulemu chifukwa chake, sanayambe ndi msonkho, anayamba ndi msewu wa Jefferson Street. Msewu umenewu, pafupi ndi mayunivesite a Fisk, Meharry ndi Tennessee State, unali mtima wa malonda ndi nyimbo za anthu akuda, kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 pamene boma linadutsitsa msewu waukulu wa I-40 pakati pa deralo, n'kugwetsa nyumba mazanamazana ndi kudula misewu imene inkalumikiza anthu ndi masitolo awo. Anthu anapita kukhoti koma sizinathandize. Mayiwo anali mtsikana nthawi imeneyo, ndipo anati nawonso anauzidwa kuti ndi chitukuko.

Mantha awo sanali akuti sitima idzalephera, koma akuti idzapambana. Anali ataona kale zimene zinachitika ku East Nashville ndi ku Germantown, kumene tinyumba takale tinkagwetsedwa n'kumangapo nyumba ziwiri zazitali pa puloti imodzi, lendi n'kukwera mpaka eni dera kusamukira kutali. Anati siteji ya sitima ikangoikidwa pa mapu, ogula malo amafika njanji isanafike, ndipo tsiku limene sitima idzayambe kuyenda iwo adzakhala atasamutsidwira kumene sifika. Kenako anawerenga pa zala: msonkho uyamba Julaye uno, sitima yoyamba 2026, ya kwawo mochedwerapo, ndipo iwo anali ndi zaka zoposa 60. Ine ndinakumbukira mwambi wa kwathu wakuti fodya ndi uyu ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo, ndipo nditawamasulira anaseka kwambiri n'kunena kuti agogo awo akanagwirizana nawo. Msonkho unali pamphuno, sitima inali pachala.

Nkhani ya kulemera kwa msonkhowu ndi yofunika kuikhalira pansi, chifukwa ochirikiza ankaidutsa mothamanga. Banja limene limalandira zochepa limagwiritsa ntchito pafupifupi ndalama yonse mwezi usanathe, ndipo gawo lalikulu limapita ku zinthu zokhala ndi msonkho, monga chakudya, zovala za ana ndi zipangizo za m'nyumba. Banja lolemera limagula zambiri, inde, koma gawo lalikulu la chuma chake limapita kosungidwa, ku masheya ndi ku nyumba, kumene msonkho wa pa malonda sufika. Peresenti imodzi yomweyo imakhala nthenga kwa wina, mtolo wa nkhuni kwa wina. Ku Tennessee kuli kanthu kena kamene ambiri sakadziwa: gawo la mzinda la msonkhowu limagwa pa madola 1,600 oyamba okha a katundu mmodzi, kotero kuti wogula galimoto yodula kwambiri amapereka ku mzinda ndalama yofanana ndi wogula galimoto yakutha, pamene mayi wogula chakudya sabata ndi sabata amalipira pa dola iliyonse. Mfundo yakuti alendo adzalipira theka ndi yoona, koma siichepetsa ndi senti imodzi yomwe ndalama imene mayiyo akulipira.

Nditayang'anitsitsa mapu a ndondomekoyo ndi maso atsopano, ndinaona chimene chisangalalo chinandibisira, chakuti sitima yanga yomwe sinkafika kwathu. Njanji ya pa Murfreesboro Pike inkathera ku bwalo la ndege, ya pa Nolensville Pike inkathera pa Harding Place, ya pa Gallatin Pike pa Briley Parkway. Anthu a ku Antioch, Bellevue ndi Hermitage, amene ndiwo amakhala nthawi yaitali pa msewu, ankapemphedwa kulipira mofanana ndi onse pa chinthu chimene akanachiona patali. Ochirikiza ankati njanji zidzatalikitsidwa m'tsogolo, koma pa nkhani imeneyi otsutsa anali ndi chitsanzo chawonso. Ku Denver ovota anavomereza mu 2004 msonkho wa 0.4 peresenti wa ntchito ya FasTracks, ndipo ngakhale njanji zambiri zinamangidwadi, mitengo itakwera ndiponso chuma chitagwa mu 2008, anthu a ku Boulder ndi Longmont anatsala akulipira chaka ndi chaka sitima imene inalonjezedwa koma osafika. Charlotte ndi Denver zonse ndi nkhani zoona, ndipo mbali iliyonse inkatchula imene ikuikomera.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti m'ndondomeko ya 2018 munali zinthu zimene zikanathandiza anthu ngati ine ndi mayi aja mwamsanga. Munali kuwonjezera maola a mabasi, kuchepetsa nthawi yodikira, njira zodutsa m'mbali zosafuna kulowa m'tauni, malo osinthirapo mabasi m'madera, ngakhalenso kuchotsa mtengo wokwerera kwa anthu osaukitsitsa. Zimenezi zikanayamba zaka zambiri sitima isanabwere. Koma pa zikwangwani ndi pa wailesi yakanema pankaoneka sitima yonyezimira ikudutsa pakati pa nyumba zagalasi, chifukwa okonza kampeni ankafuna kukopa munthu wa galimoto amene sanakwerepo basi, ndipo potero analankhula mopitirira mutu wa munthu amene amaikwera tsiku ndi tsiku. Wa galimoto sanakopeke, wa basi sanadzione pa chithunzi. Ngati pali cholakwa chimodzi chimene ndingaloze, ndi chimenechi, ndipo sichinachokere kwa abale a Koch.

Panapita zaka zisanu ndi chimodzi nkhaniyi ili chigonere. Mu 2023 anthu anasankha mfumu ya mzinda yatsopano, Freddie O'Connell, amene kale anatsogolerapo bungwe loyang'anira mabasi a mzinda ndipo amadziwika kuti amakwera basi, ndipo mu 2024 iye anabwera ndi ndondomeko yotchedwa Choose How You Move. Mtengo wa zomangamanga unali madola 3.1 biliyoni, msonkho unali theka la peresenti basi, ndipo sitima munalibemo ngakhale imodzi. M'malo mwake munali tinjira ta oyenda pansi totalika pafupifupi makilomita 138, kukonzanso maloboti pafupifupi 600 kuti azitsata kuchuluka kwa magalimoto, mabasi oyenda usana ndi usiku masiku onse, malo 12 osinthirapo mabasi m'madera osiyanasiyana, ndi malo 17 osiyapo galimoto munthu akafuna kukwera basi. Munthu aliyense, wa ku Antioch kapena wa ku Bellevue, ankatha kutsegula mapu n'kupeza kanthu pafupi ndi kwawo. Ngakhale woyendetsa galimoto amene analumbira kuti sadzakwera basi anapatsidwa chake, chifukwa palibe amene amakonda kuima pa loboti yofiira pamene msewu wina uli mbee.

Voti inachitika pa 5 Novembala 2024, tsiku lomwelo la chisankho cha pulezidenti, ndipo oponya voti anachuluka kuposa kawiri poyerekeza ndi 2018. Pafupifupi 66 pa 100 alionse anavomera, manambala a 2018 atangotembenuzika. Nthawi imeneyi ndinali nditakhala nzika, ndipo ndinavota kuti inde. Otsutsa analipo ndithu, ndipo mfundo yawo yaikulu inali yomwe ija yakuti msonkhowu ndi wosakomera osauka, mfundo imene inali yoona mu 2024 monga inalili mu 2018. Apa ndi pamene ndimaona kuti amene amati anthu a ku Nashville amangodana ndi msonkho analakwitsa, monganso analakwitsa amene amati ananamizidwa. Msonkho ndi womwewo, malamulo a Tennessee ndi omwewo, wolemera ndi wosauka akulipirabe mosalingana. Chimene chinasintha ndi mtunda wa pakati pa tsiku lolipira ndi tsiku lolandira, komanso mtunda wa pakati pa khomo la wolipira ndi malo amene ndalama yake ikagwere. Anthu osauka analolera kusenza mtolo wosalungama pamene anaona kuti nkhunizo zikayaka pa mafuwa awo.

Komabe ndinatuluka m'chipinda choponyera voti mtima uli pawiri, ndipo ndikanama nditanena kuti nkhaniyi inatha bwino kotheratu. Basi imene ilibe njira yakeyake imaima pamene magalimoto aima, ndipo ngakhale ndondomeko yatsopanoyi ikulonjeza kupatula mbali ya msewu m'malo ena pa misewu ikuluikulu, yambiri mwa misewu imeneyi ili m'manja mwa boma la Tennessee, limene nyumba yake ya malamulo inasonyeza kale pa nkhani ya Amp kuti siikondwera ndi kulanda magalimoto malo. Mzinda ukukulirakulirabe, malo a m'mphepete mwa misewu akudula chaka ndi chaka, ndipo ngati tsiku lina Nashville idzafune njanji, idzaigula pa mtengo woposa umene inakana. Sitima yokha imene ilipo ndi ija inayamba mu 2006 yopita ku Lebanon, yoyenda pa njanji yakale m'mawa ndi madzulo. Lendi imene mayi aja ankaopa kuti sitima idzaikweza inakwerabe popanda sitima, ndipo zimenezi sizitsutsa mantha awo, zimangoonetsa kuti chilombocho chinali ndi njira zambiri zolowera m'mudzi. Mu Julaye 2025 bwanamkubwa Bill Lee ndi kampani ya Elon Musk ya The Boring Company analengeza kuti adzakumba njira ya pansi pa nthaka yolumikiza pakati pa tauni ndi bwalo la ndege, motsata Murfreesboro Pike yomwe ija, yoyendamo magalimoto a Tesla, pa ndalama za kampaniyo. Popeza sipanapemphedwe msonkho, sipanakhalenso riferendamu, ndipo anthu amene anafunsidwa kawiri za mayendedwe a mzinda wawo ulendo uno anangomva pa nkhani.

Msonkho watsopano unayamba pa 1 Febuluwale 2025, ndipo mzere wa m'munsi mwa lisiti unayamba kuwerengera 9.75 peresenti pa katundu wamba ndi 6.75 pa chakudya. Masiku ano ndili ndi galimoto, yakale koma yoyenda, ndipo ndimalipira inshuwalansi ndi petulo zimene pa mwezi zimaposa kutali ndalama imene theka la peresenti limanditengera pa chaka chonse. Mayi aja anapuma pa ntchito, ndipo nyumba imene ankachita lendi ku North Nashville itagulitsidwa anasamukira kwa mwana wawo ku Madison, kumpoto, m'mbali mwa Gallatin Pike, kupitirira pang'ono pamene njanji yoyamba ija ikanathera. Ndinapita kukawaona Loweruka lina, ndipo pobwerera anandipempha kuti ndiwasiye pa siteji chifukwa ankafuna kupita kutauni pa basi monga anazolowera. Ndinawafunsa ngati ulendo uno anavota kuti inde, ndipo anati anatero, koma akusunga malisiti.